Mmene mungapangire vidiyo ya nyimbo ndi chikuto cha chimbale pa ntchito ya kusukulu muno mu Joni

Ophunzira za kanema ndi zofalitsa nkhani muno mu Johannesburg, kaya ali ku Wits, ku UJ, ku AFDA kapena pakoleji ina yaing'ono, sachedwa kukumana ndi ntchito iyi: pangani vidiyo ya nyimbo, mupangenso chikuto cha chimbale chake. Ambiri amagwa pa zinthu zitatu. Milomo ya woyimba imatsalira nyimbo ili patsogolo. Chikuto chimapangidwa usiku womaliza ndi chithunzi chotapidwa muvidiyo, n'kutuluka chambuu. Chachitatu, chimene chimadya malikisi ambiri, n'chakuti vidiyo imanena zake, chikuto chikunenanso zake.

Zonsezi sizichitika chifukwa chosowa kamera yodula. Zimachitika chifukwa chotenga vidiyo ndi chikuto ngati ntchito ziwiri. Ndi ntchito imodzi: ganizo lake limodzi, mitundu yake imodzi, tsiku lojambula limodzi.

Zofunika kukhala nazo

- Foni yojambula 1080p, kapena kamera yobwereka kusukulu. Kaisungitseni msanga, pakutha pa temu aliyense amaifuna.
- Choimikira foni cha miyendo itatu.
- Sipika yaing'ono yomveka bwino panja, ndi foni yachiwiri yoimbitsira nyimbo.
- Pawa banki yodzaza, ndi malo okwanira mufoni kapena memori khadi ya 64GB.
- Katoni yaikulu yomata pepala loyera mbali imodzi, foyilo mbali inayo, yobwezera kuwala pankhope.
- Laputopu kapena kompyuta ya kusukulu yokhala ndi DaVinci Resolve, yomwe ili ndi mtundu waulere, kapena CapCut.
- GIMP, Photopea kapena Canva yopangira chikuto.
- Mawu a nyimbo osindikiza papepala, makope awiri.
- Mapepala a chilolezo oti asainidwe, ndi kalata ya kusukulu yonena kuti ndinu ophunzira.
- Anthu osachepera 4: wojambula, woimbitsa nyimbo, wogwira katoni, ndi woyang'anira katundu.

Musanagwire kamera

1. Werengani pepala la ntchito ndi cholembera m'manja

Lembani mzere pansi pa utali wa vidiyo, kukula kwa chikuto, mtundu wa fayilo ndi tsiku lopereka. Onaninso malikisi a umboni wa kukonzekera: kafukufuku, mapulani, ndi lipoti lodziunika. Pa ntchito zambiri gawo limeneli ndi lalikulu.

Chenjezo: tsegulani foda ya umboni lero lomwe. Umboni wopeka pamapeto aphunzitsi amauzindikira.

2. Pezani nyimbo yomwe mwini wake mungamuimbire foni

Funsani aphunzitsi ngati nyimbo yotchuka ndi yololedwa. Ngakhale atalola, mukaika vidiyoyo pa YouTube makina a Content ID angathe kuizindikira nyimboyo n'kuitchinga, ntchito yanu osaonekanso kwa amene mukufuna akulembeni ntchito mawa. Maufulu a nyimbo kuno amayang'aniridwa ndi mabungwe monga SAMRO ndi CAPASSO, kwathu ndi COSOMA, ndipo wophunzira alibe nthawi yoyendera zimenezo.

Ine ndimalimbikitsa njira ina. Abale athu oyimba alipo ambiri muno: achinyamata ojambulira nyimbo m'zipinda za lendi, makwaya a m'mipingo yathu, anyamata a hip hop ndi reggae amene masana amagwira maganyu. Ambiri ali ndi nyimbo zabwino zopanda vidiyo. Inu mupeza nyimbo ndi woyimba woidziwa pamtima, iye apeza vidiyo ndi chikuto. Lemberanani papepala: dzina la nyimbo, kuti akulolani kuigwiritsa ntchito pa za sukulu, ndiponso ngati mungaiike pa intaneti. Ngati biti inapangidwa ndi wina, nayenso avomere.

Chenjezo: tengani nyimbo yomalizidwa, ya WAV ngati ilipo. Woyimba akakaisintha liwiro kapena kuchotsa mzere mutajambula kale, milomo yonse yasokonekera. Akakutumizirani pa WhatsApp, atumize ngati document.

3. Sankhani ganizo limodzi loti mungalinene m'chiganizo chimodzi

Apa ndi pofunika kuchedwapo. Mverani nyimbo kangapo maso ali chitsinzire, kenako lembani chiganizo chimodzi chonena zimene woonera adzaone. Osati "vidiyo yokhudza mtima ya moyo wa kunja". Chimenecho sichijambulika.

Tiyerekeze kuti nyimbo ndi ya mnyamata amene akulonjeza mayi ake kuti Disembala uno abwera. Chiganizo chingakhale ichi: mnyamata akudzaza pang'onopang'ono chikwama chopita kumudzi. Mukuchidziwa chikwama chachikulu chija cha mizeremizere yofiira, yabuluu ndi yoyera, chimene timakweza pabasi ya ku Blantyre ndi Lilongwe, dzina ndi nambala zitalembedwa ndi maka pa selotepi. M'ndime yoyamba chili chopanda kanthu, chopindidwa pansi pa bedi. M'ndime yachiwiri mukulowa bulangete, botolo la mafuta ophikira, nsapato za mwana zomangidwa zingwe pamodzi. Pomaliza zipi ikukana kutseka, iye wachikhalira pamwamba. Mwapeza nkhani. Mwapezanso mitundu itatu ya vidiyo yonse, ndipo chikuto chabwera chokha: chikwamacho, dzina la chimbale litalembedwa pa selotepi.

Umu ndi mmene vidiyo ndi chikuto zimagwirizanirana. Chinthu chimodzi chogwirika, mitundu iwiri kapena itatu, ndi zovala za woyimba zosachoka pa mitunduyo. Zovala simufunika kugula zatsopano; kaunjika wa m'tauni, amene kuno amati dunusa, amakwanira.

Onerani mavidiyo atatu kapena anayi a mtundu wa nyimbo yanu. Ya uzimu, ya amapiano ndi ya hip hop siziwalitsidwa kapena kudulidwa mofanana. Lembani zimene mwatengako ndi zimene mwakana dala, ndi chifukwa chake. Pepala limenelo lilowe mufoda ya umboni.

Chenjezo: pagulu aliyense amabwera ndi ganizo lake, wina akufuna galimoto, wina ovina, wina utsi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chilichonse chosathandiza chiganizo chija chisiyeni.

4. Gawani nyimbo papepala

Lembani mawu a nyimbo kumanzere, nthawi yake pakati, chimene chidzaoneke kumanja. Mwachitsanzo: 0:00 mpaka 0:14, zida zokha, dzanja likukoka chikwama pansi pa bedi. Jambulani storyboard, timabokosi toonetsa mmene chithunzi chilichonse chidzaonekere. Anthu a timitengo ndi okwanira, bola paoneke pamene kamera yaima.

Werengerani. Nyimbo ya mphindi 3 ndi masekondi 180. Ngati chithunzi chikusintha masekondi 3 alionse, mukufunika zidutswa 60. Musachite mantha: theka lake lichokera kwa woyimba akuimba. Theka linalo ndi limene muyenera kulilemba limodzilimodzi.

5. Sankhani malo awiri, mukawaone pa ola lomwe mudzajambule

Malo awiri oyandikana amakwana: amodzi a m'kati, ena a panja. Johannesburg ndi wotambalala, ndipo tsiku lokwera mataxi atatu ndi katundu limatha musanajambule kanthu.

Aliyense amathamangira ku Nelson Mandela Bridge, ku zipupa zojambulajambula za ku Newtown ndi ku Maboneng. Ndi malo okongola, koma aphunzitsi anu awaona kambirimbiri. Kuseri kwa nyumba ku Rosettenville kapena ku Turffontein, pamene pali chingwe choyanikapo zovala ndi khomo la malata lopentedwa, pangakupatseni chithunzi chimene mnzanu wa m'kalasi alibe. Denga la fulati ku Yeoville kapena ku Berea limaonetsa Ponte, nyumba yaitali yozungulira ija, ndi nsanja ya Hillbrow kumbuyo, koma pemphani kaye kwa woyang'anira nyumba.

Malo a masitolo ambiri (mall), siteshoni za Gautrain ndi mabwalo a maofesi zili ndi eni ake, ndipo alonda sachedwa kukuimitsani. Pemphani molemba pasadakhale. Za kujambula mumsewu ndi m'mapaki funsani kusukulu kapena ku Gauteng Film Commission. Drone isiyeni, ili ndi malamulo ake okhwima.

Dzuwa la kuno ndi lakuthwa, poti mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700. Masana limachititsa mithunzi yakuda m'maso. Jambulani panja m'mawa kapena ola lomaliza lisanalowe. Mu Juni limalowa cha m'ma 5:30, mu Disembala cha m'ma 7 koloko. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu imakonda kubwera chakumadzulo, choncho za panja yambani nazo m'mawa, za m'nyumba zikhale pothawira. Ngati tsiku lanu lagwa kumapeto kwa Okutobala, misewu ya majakaranda imakhala yapepo; mtundu umenewo ulowe mupulani yanu, usangokudzidzimutsani.

Chenjezo loyamba: m'tauni foni imatsomphoredwa m'kuphethira kwa diso. Munthu mmodzi asagwire china chilichonse, ntchito yake ikhale kuyang'ana kumbuyo kwa wojambula. Muchoke kusanade.

Chenjezo lachiwiri, ndipo ili ndikulinena motsindika: musajambule nkhope za anthu osawapempha, makamaka ku Park Station, m'misika ndi m'malo amene abale athu amagwira ntchito. Ena ali ndi zifukwa zomveka zosafunira kuoneka pa intaneti, ndipo malikisi anu sangapose mtendere wawo. Aliyense wooneka bwino nkhope asaine. Wosakwana zaka 18 amusainire kholo.

Tsiku lojambula

6. Konzani foni musanayambe

Pukutani galasi la kamera. Ikani foni pa airplane mode. Igwireni chopingasa, pokhapokha pepala la ntchito litanena za TikTok kapena Reels.

Ikani pa 25fps, kutanthauza zithunzi 25 pa sekondi iliyonse. Magetsi a kuno, monganso a kwathu, amayenda pa 50Hz, pomwe mafoni ambiri amabwera ali pa 30fps. N'chifukwa chake mababu ena amaphethiraphethira kapena kuonetsa mizere muvidiyo. Pa iPhone yatsani Show PAL Formats m'makonzedwe a kamera. Pa mafoni ena pamafunika pulogalamu yapadera ya kamera, monga Blackmagic Camera ngati foni yanu imailandira. Ngati mungathe kusintha shutter, nthawi imene kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse, ikani pa 1/50 ya sekondi. Mafoni onse a gulu akhale pa fps imodzi.

Dinikizani chala pankhope ya woyimba pasikirini mpaka focus ndi kuwala zitakhomeka. Mukapanda kutero, chithunzi chizingowala ndi kuda chokha munthu akamasuntha.

Chenjezo: musakoke zoom ndi zala. Senderani pafupi ndi miyendo.

7. Jambulani woyimba akuimba nyimbo yonse, mokweza

Milomo imasokonekera pano, osati pakompyuta. Ikani sipika pafupi ndi woyimba koma posaoneka, nyimbo ilire mokweza ndithu kuti foni yojambula iimve. Yambitsani kamera, wina atchule nambala ya ulendo wojambulawo, kenako nyimbo iyambe. Woyimba aimbe ndi mawu enieni. Munthu wongogwedeza milomo amaoneka: khosi silikoka, chifuwa sichikwera, mpweya sauoneka potenga.

Ulendo uliwonse ukhale wa nyimbo yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale alakwitse mzere pakati. Mujambule motere:

- patali, thupi lonse ndi malo ake;
- kuyambira m'chiuno kukwera;
- nkhope yokha, pafupi kwambiri;
- ulendo umodzi kamera ili m'manja, ikuyenda naye.

Chitani zimenezi m'malo onse awiri. Mukhala ndi maulendo 8 a nyimbo yonse, ndipo paliponse m'nyimbomo mudzakhala ndi posankha.

Pa nkhope yapafupi m'nyumba, zimitsani babu, muimike woyimba chammbali mwa zenera. Wogwira katoni aime mbali ya mdima, asendere mpaka muone kadontho ka kuwala m'diso la woyimba ndipo tsaya la kumthunzi liyambe kuoneka. Khungu lakuda limakongola kwambiri ndi kuwala kofewa kochokera m'mbali. Foni ikasiyidwa yokha imatsatira khoma loyera kapena thambo, nkhope n'kumira. Kuwala muziyezera pankhope nthawi zonse.

Mukafuna kuti woyimba aziyenda pang'onopang'ono koma milomo ikugwirizanabe, konzeranitu kope la nyimbo lothamanga kawiri, mujambule pa 50fps, kenako mudzachedwetse kufika pa 25. Zimatheka pa kolasi ya mawu ochepa okha.

Mukatha apo jambulani za nkhani: manja, zipi, selotepi ikumatidwa, mapazi pamasitepe. Chilichonse chikhale masekondi osachepera 10, ngakhale mudzagwiritse awiri.

8. Imani, mujambule zithunzi za chikuto

Patulani theka la ola, ndipo lilembedwe pandandanda wa tsikulo. Musadikire pamapeto anthu atatopa, dzuwa litapita. Zovala zomwezo, malo omwewo, kuwala komweko. Chithunzi chotapidwa muvidiyo ya 1080p chimatalika mapikiselo 1080 okha, pomwe chikuto chimafuna 3000.

Chikuto ndi cha mbali zinayi zofanana, choncho siyani mpata wokwanira mbali zonse kuti mudzadule bwino. Siyaninso malo opanda zambiri, khoma kapena thambo, podzakhala dzina. Jambulani zamitundu itatu: ya kutsogolo, ina yopanda munthu yodzaikapo mndandanda wa nyimbo kumbuyo, ndi zapafupi zingapo za m'kati mwa chikuto.

9. Sungani kawiri usiku womwewo

Koperani zonse pakompyuta ndi chingwe, kenako pa hard drive kapena pa Google Drive pogwiritsa Wi-Fi ya kusukulu. Musafufute kanthu mufoni mpaka ntchito itachongedwa.

Pakompyuta

10. Yalani nyimbo kaye, zithunzi pambuyo

Tsegulani pulojekiti ya 1920 x 1080 pa 25fps musanalowetse kanthu. Mu DaVinci Resolve fps imavuta kusintha mukayamba. Ikani nyimbo yeniyeni pamzere wa mawu, muikhome kuti isasunthe.

Tengani ulendo woyamba wa woyimba. Pasikirini mawu amaoneka ngati mapiri, ndipo amene foni inatola ali ndi mapiri ofanana ndi a nyimbo yeniyeni. Pezani kugunda koyamba kwa ng'oma, mukulitse, mulinganize nsonga ziwirizo. Yesani pa mawu oyamba ndi m, b kapena p, monga "mayi" kapena "bwera", chifukwa pamenepo milomo imatsekeka ndipo kuchedwa kumaonekeratu. Zikagwirizana, tsekani mawu a foni. Chitani chimodzimodzi ndi maulendo onse, umodzi pamwamba pa unzake.

Tsopano imbitsani nyimbo, muzidina M pa kugunda kwa biti kuti muike zizindikiro. Dulirani pa zizindikirozo, koma osati pa chilichonse. Ndime ipume, kolasi ithamange. Za nkhani ziikeni pamwamba penipeni, ndipo nkhope yapafupi muisungire mzere umene uli mtima wa nyimbo.

Mitundu ikonzeni pomaliza. Yambani mwafananitsa zidutswa zonse, kenako mukokere ku mitundu ya chikuto.

Chenjezo: CapCut ili ndi zokometsera zambiri, zina zolipira, ndipo imatha kuika chizindikiro chake kumapeto. Onetsetsani musanatulutse. Kudula wamba kumaposa zozungulirazungulira.

11. Pangani chikuto

Cha pa intaneti chikhale mapikiselo 3000 x 3000, mitundu ya RGB (ya pasikirini), fayilo ya JPG kapena PNG. Chosindikiza cha CD kutsogolo ndi 120mm x 120mm pa 300dpi, muonjezere bleed ya 3mm mbali zonse, kutanthauza kuti chithunzi chipitirire mzere wodulira kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasaoneke zoyera. Zolemba zikhale kutali ndi m'mphepete. Osindikiza amagwiritsa CMYK, mitundu ya inki, ndipo mitundu yowala kwambiri pasikirini imazilala papepala. Sindikizani kope loyesera.

Kutsogolo kukhale dzina la woyimba ndi la chimbale basi. Makampani otumiza nyimbo ku Spotify ndi Apple Music amakana zikuto zokhala ndi adiresi ya intaneti kapena mitengo. Kumbuyo kukhale mndandanda wa nyimbo, chaka, chizindikiro cha umwini, ndi malo a barcode ngati pepala la ntchito lafuna.

Mafonti asapose awiri, ndipo omwewo ndiwo alembe dzina la nyimbo poyambira vidiyo. Ngati mukulemba ŵ, yesani kaye. Mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembochi, amangoika kabokosi. Pa Google Fonts mungalembe mawu anu n'kuona musanatenge. Woyimba awerenge yekha mayina a nyimbo chilembo ndi chilembo, poti aphunzitsi anu mwina Chichewa sachimva koma kwathu adzawerenga.

Chepetsani chikutocho chifanane ndi chikhadabo cha chala chachikulu, mmene chidzaonekere pafoni. Ngati dzina silikuwerengeka, likulitseni kapena chotsani zina.

12. Tulutsani, muonere pa zipangizo zina, mupereke

Tulutsani MP4 ya H.264, 1080p, 25fps. Onerani yonse pafoni ya mnzanu ndi pakompyuta ina. Ikani chikuto pambali pa vidiyo yoimitsidwa, mufunse munthu amene sanali nanu ngati ndi za woyimba mmodzi. Mulipoti ikani mawu a nyimbo omasulira m'Chingerezi ndi nthawi yake, kuti wochonga aone chifukwa chake chithunzi chakuti chili pamzere wakuti. Perekani kutatsala tsiku. Magetsi ndi netiweki sizidziwa kuti muli ndi tsiku lomaliza.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kuonetsa liwu lililonse. Woyimba akati mvula, mvula. Akati foni, foni. Woonera amatopa msanga. Tsatani nkhani yanu, mawu aziyenda okha.

Woyimba wosaloweza mawu, makamaka mukagwiritsa mnzanu wa m'kalasi amene Chichewa si chake. Mupatseni sabata yathunthu, mukhale naye pansi aimbe pamaso panu tsiku lisanafike.

Kusintha malaya, tsitsi kapena chipewa ngati kujambula kwatenga masiku awiri. Jambulani chithunzi cha zovala tsiku loyamba, ndipo zovalazo asunge mmodzi wa gulu.

Kutumizirana zidutswa pa WhatsApp ngati vidiyo wamba. Zimafinyidwa, ndipo sizibwereranso mwakale.

Kutenga chithunzi pa Google kapena pa Pinterest n'kuika pachikuto. Pa ntchito yochongedwa kumeneko ndi kuba, ndipo chilango chake chimaposa kutaya malikisi. Ngati mukufuna kugwiritsa AI pa gawo lina, funsani kaye lamulo la sukulu yanu, ndipo mulembe mulipoti.

Zizindikiro za makampani pamalaya, nambala za galimoto za eni ake, ndi mabotolo a mowa kumbuyo. Yang'anani m'makona onse anayi a sikirini musanadine.

Kusalemba amene wachita chiyani. Pa ntchito ya gulu, lembani tsiku lililonse dzina ndi ntchito yake, nonse musaine. Aphunzitsi akafunsa gawo lanu, pepala limenelo ndi limene lidzakuyankhireni.

Kuiwala woyimba ntchito ikaperekedwa. Mutumizireni vidiyo yathunthu ndi chikuto cha 3000 x 3000 monga munagwirizana, dzina lake ndi la wopanga biti zitalembedwa molondola, ndipo musaiike pa intaneti tsiku limene iye sanavomere.